Chotayidwa N'chuma: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Area 4



Mwandipempha kuti ndifotokoze zomwe ndimaphunzitsa achinyamata ophunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Phunziroli pa Chingerezi amati circular economy. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikatha ntchito chisatayidwe, koma chikhale chipangizo cha katundu wina. Bungwe la Ellen MacArthur Foundation la ku Britain, lomwe linayamba mu 2010, lathandiza kutchukitsa dzinali. Koma chachilendo ndi dzina lokha.

Tonse tikukumbuka kuti popita kukagula Fanta pagolosale tinkanyamula botolo. Botololo linkabwerera ku fakitale, kutsukidwa ndi kudzazidwanso. Ngakhale lero, mukachoka muno mu Area 4 n'kuwoloka mlatho kupita kumsika waukulu, mupeza amisiri akusula mbaula kuchokera ku malata akale, ena akudula nkhwayira ku matayala otha.

Kumeneko n'kumene ndimatumiza ophunzira anga ndi mafunso atatu: chipangizo mwachipeza kuti ndipo pa mtengo wanji, chotsala mumatani nacho, ndipo phindu ndi lotani? Ambiri amabwerako atadzichepetsa, poona kuti mmisiri amadziwa mtengo wa kachidutswa kalikonse ka lata, pamene iwo sadziwa ngakhale zomwe zimatayidwa kunyumba kwawo.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu 2015 boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Makampani ena anakamang'ala kukhoti, koma mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi boma. Choncho manijala amene bizinesi yake yatsamira pa katundu wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, akhoza kuitaya pamodzi ndi ntchito za anthu ake. Komanso zinyalala zimene timaona mumtsinje wa Lilongwe ndi kumtaya wa ku Area 38, wina anazigula ndi ndalama.

Pempho langa ndi ili. Ambiri mwa inu muli ndi magalaja, malo osindikizira mabuku ndi mashopu a mipando. Tsegulirani ophunzirawa zitseko kwa sabata imodzi, adzayeze oyilo wakale, mapepala ndi utuchi zimene mumataya, ndipo akuuzeni amene angazigule. Paja mutu umodzi susenza denga. Ofuna kutero alembetse kwa a mlembi tisanabalalike.