Cilolezo Coyendetsa Ndege Zobvuta ndi Zamphamvu

Munthu amene waphunzira kuyendetsa galimoto laling'ono sapatsidwa lole lodzala katundu tsiku lomwelo. Comweconso m'dziko la United States of America, munthu wokhala ndi setifiketi yoyendetsa ndege saloledwa kukwera m'ndege iri yonse ndi kuuluka nayo. Bungwe la boma loyang'anira za ndege, lochedwa Federal Aviation Administration, linapatula mitundu ina ya ndege imene ifuna maphunziro oonjezera. Nkhani ya lero ifotokoza iwiri mwa mitunduyo.

Mtundu woyamba ndiwo ndege zobvuta. Ndege yotere iri ndi zinthu zitatu pamodzi: miyendo ya mawilo imene ipindika ndi kubisika ndege ikanyamuka, timapiko tochedwa flaps, tothandiza ndege kutsika mosathamanga, ndi propela amene woyendetsa akhoza kusintha kapendekedwe ka masamba ace. Mtundu waciwiri ndiwo ndege zamphamvu, ndiko kunena ndege imene injini yace iposa mphamvu ya akavalo 200.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Cessna 182 wamba ali ndi mphamvu ya akavalo 230, koma miyendo yace siipindika. Motero awerengedwa wamphamvu koma wosabvuta. Piper Arrow wa akavalo 200 miyendo yace ipindika, koma mphamvu yace siipitirira malire aja; motero ali wobvuta cabe. Ndege ikakhala ndi injini ziwiri, lamulo liyang'ana injini iri yonse payokha. Piper Seminole ali nazo ziwiri za akavalo 180, ndipo sawerengedwa wamphamvu.

Kodi cifukwa cace nciani boma liumirira zimenezi? Woyendetsa amene anazolowera miyendo yosapindika akhoza kuiwala kuitsitsa pofika pa bwalo. Pamenepo ndege itera ndi mimba, propela amenya pansi, ndipo injini iyenera kupasulidwa kuti aione m'kati. Ndalama zimene zitayika nzambiri. Injini yamphamvu nayo iri ndi khalidwe lace. Pa ndege zambiri za ku America, ponyamuka imakokera mphuno ya ndege kumanzere, ndipo woyendetsa ayenera kuibweza ndi phazi lamanja. Imatenthanso msanga ngati saisamala, ndipo popeza ndege ithamanga kwambiri, nthawi yoganiza icepa.

Njira yopezera cilolezo njapafupi. Woyendetsa aphunzira pansi ndi m'mwamba pamodzi ndi mphunzitsi wobvomerezedwa. Mphunzitsiyo akakhutira kuti wophunzira wadziwadi, alemba mau a umboni m'buku la maulendo la wophunzirayo, naikapo dzina lace ndi nambala ya setifiketi yace. Umboniwo ulembedwa kamodzi kokha pa mtundu uli wonse. Palibe mayeso pamaso pa woyesa wa boma, ndipo lamulo silichula maora ophunzira, ngakhale makampani a inshuwalansi kawirikawiri amafuna maora ao. Iwo amene anayendetsa kale ndege zotere monga atsogoleri lisanafike tsiku la 4 August, 1997, lamulo siliwafunsa umboniwu.

Tsono katundu yense ali pa mapewa a anthu awiri: mphunzitsi amene asayenera kulemba dzina lace msanga cifukwa ca cibwenzi, ndi wophunzira amene asayenera kucita manyazi pofunsa. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'mwamba mulibe poimika ndege kuti munthu afunse njira.