ZA M'KABUKU KANU SIZA PA BWALO
Mawu kwa anthu ovota a m'midzi pa nkhani ya chinsinsi cha ku chipatala ndi mafailo a ogwira ntchito m'Boma

Zikomo kwambiri kuti mwasiya makasu ndi mitondo n'kubwera kudzamva. Sindikuchedwetsani.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano amene alibe kabuku ka ku chipatala? Amayi, si kaja mumakasunga m'jumbo kuopa mvula ndi chiswe? M'kabuku kameneko mudalembedwa zinthu zimene ngakhale apongozi anu sazidziwa: matenda amene mudadwalapo, mankhwala amene mukumwa, mimba imene idapita padera, njira yakulera imene mudasankha, zotsatira za magazi. Zomwezonso zidalembedwa m'mabuku akulu-akulu a ku chipatala, ndipo masiku ano zina zimalowa mu kompyuta. Tsono kabuku kali m'nyumba mwanu, koma mabuku enawo ndi kompyutayo simugona nazo. Kodi amaziwerenga ndani inu mutapita?

Chimodzimodzinso ana athu ogwira ntchito m'Boma: aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, apolisi, anamwino, amesenjala. Aliyense ali ndi failo ku ofesi. M'menemo muli mudzi wake, mfumu yake, boma la kwawo, malipiro ake, ngongole zimene akum'dula, makalata a chenjezo, kalata ya adokotala ya nthawi imene adadwala, nambala ya ku banki. Munthu woipa mtima akagwira failo imeneyo ndiye kuti wagwira mwini wake pakhosi.

Nkhani yanga lero ndi imodzi yokha. Zolembedwa zimenezi zili ndi mpanda wa lamulo. Wosuzumiramo popanda chilolezo, kaya ndi kalaliki, kaya ndi bwana, kaya ndi wa chipani cholamula, walakwira lamulo. Koma mpanda umene mwini munda saudziwa, mbuzi zimangodutsa.

TIDACHOKERA KUTI?

Akulu-akulu amene mudavota nawo pa 14 Juni 1993 mukukumbuka. Poyamba Boma lidafuna kuti pakhale mabokosi awiri, lina la tambala wakuda, lina la nyali. Anthu ofuna zipani zambiri adakana, chifukwa ukalunjika ku bokosi ili kapena ilo, wina atha kudziwa mtima wako. Mapeto ake padakhala bokosi limodzi, ndipo anthu adavota mopanda mantha. Tsiku limenelo tidaphunzira kuti chinsinsi ndicho chishango cha munthu wamba. Amene alibe pobisa mawu ake alibenso ufulu.

Tidali ndi chifukwa choopera. Nthawi ya chipani chimodzi makalata ankatsegulidwa, lamya zinkamveredwa, ndipo zolembedwa za munthu zinkasanduka chikwapu chom'kwapulira. M'chaka cha 1972 msonkhano waukulu wa chipani udagamula kuti a Mboni za Yehova achotsedwe pa ntchito. M'chaka cha 1989 kudatuluka lamulo lakuti aphunzitsi ochokera m'chigawo cha kumpoto abwerere kwawo. Mphunzitsi amene adaphunzitsa ana anu zaka zambiri, adakwatira pano, adalima pano, adanyamula katundu chifukwa cha mzere umodzi wonena za kwawo. Sadabe kanthu, sadanyoze munthu.

N'chifukwa chake Malamulo a Dziko a 1994 adaika Gawo 21, lonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi pa moyo wake. Asasechedwe chisawawa pa thupi pake kapena m'nyumba mwake, asalandidwe katundu wake, ndipo makalata ndi lamya zake zisasokonezedwe. Gawo 19 likuti ulemu wa munthu sungaphwanyidwe. Malamulo amenewa ali pamwamba pa nduna, pamwamba pa Pulezidenti, pamwamba pa chipani chilichonse.

ZIDACHITIKA KU MWANZA

Wina anganene kuti, "Aaa, zimenezo n'za papepala chabe." Imvani nkhani iyi.

M'chaka cha 2009 apolisi ku Mwanza adagwira amayi powaganizira kuti ndi oyenda-yenda. Adapita nawo ku chipatala cha boma ndi kukawayeza magazi popanda kuwapempha. Zotsatira zake zidaperekedwa kwa apolisi, ndipo zidawerengedwa mokweza m'khoti, anthu ali phwamwamwa kumvetsera. Ena mwa amayiwo adadziwira pomwepo, pa maso pa gulu, kuti ali ndi kachilombo ka HIV.

Amayi 11 mwa iwo sadakhale chete. Adasuma ku Khoti Lalikulu ku Blantyre. Mlandu udatenga zaka, koma mu Meyi 2015 khoti lidagamula kuti zimene adachita apolisi ndi achipatala zidaphwanya Malamulo a Dziko: zidaphwanya ufulu wa chinsinsi, zidachotsa ulemu wa amayiwo, ndiponso zidali za tsankho.

Taganizani bwino. Amenewa sadali madona a m'tauni kapena akazi a nduna. Adali amayi amene anthu ambiri amawanyoza pa msewu. Koma lamulo lidaima nawo, osati ndi yunifomu. Ngati lidawateteza iwo, lingalephere bwanji kuteteza inu? Ndipo amene mukuseka mumtima kuti "zidawayenera", kumbukani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa adzakhala mwana wanu wa sukulu, kapena inu nomwe abambo.

MALAMULO AMENE TILI NAWO

Pamwamba pa Malamulo a Dziko, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo ena. Nditchula anayi, muwasunge.

Loyamba ndi lamulo la 2016 la zochitika pa makina ndi pa intaneti. Lidanena kuti kulowa mu kompyuta ya eni ake popanda chilolezo, kukopera kapena kusintha zimene zili m'menemo, ndi mlandu wolipitsa chindapusa kapena kulowetsa m'ndende.

Lachiwiri ndi lamulo la 2018 la HIV ndi Edzi. Likuti zotsatira za magazi anu n'zachinsinsi. Wa chipatala sangauze mfumu, abusa, apongozi kapena bwana wanu popanda inu kuvomera. Pali kampata kochepa: angathe kudziwitsa amene mumagona naye ngati ali pa chiopsezo, koma ayambe walangiza inuyo kuti mukanene nokha. Lamulo lomweli likuletsa kukakamiza munthu kuyezetsa kuti alembedwe ntchito, ndiponso kum'chotsa ntchito chifukwa cha kachilomboka. Pamene aphungu ankakambirana lamuloli mu 2017, mudali mawu ofuna kuti antchito a m'nyumba, asilikali ndi amayi oyembekezera aziyezedwa mokakamiza. Anthu adadandaula, makamaka amayi amene ali ndi kachilombo, ndipo aphungu adawachotsa mawuwo. Mwaona kuti kulankhula kumapindula?

Lachitatu ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wodziwa zimene Boma likuchita, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ili limatsegula zitseko za maofesi kuti mufunse za ndalama za mlatho kapena za sukulu. Koma silitsegula failo ya matenda a mnzanu. Za munthu payekha lidazipatula.

Lachinayi ndi lamulo la 2024 loteteza zolembedwa za munthu. Ili ndiye mpanda weni-weni. Likuti amene akutenga za inu akuuzeni chifukwa chake, atenge zokhazo zofunika, azisunge mosamala, ndipo asazigwiritse ntchito ina imene sadakuuzeni. Za umoyo wanu, zidindo za zala, chipembedzo, mtundu ndi maganizo anu pa ndale lidaziika m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala koposa. Muli ndi ufulu wofunsa zimene adalemba za inu, ndi wouza kuti akonze zolakwika. Bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Ndipo limanga onse, makampani ndi maofesi a Boma omwe.

NGAKHALE KUNJA ZIDAWAONEKERA

Musaganize kuti vuto ili ndi la ife osauka tokha. Ku America m'chaka cha 1971, munthu wina dzina lake Daniel Ellsberg adaulula zikalata zosonyeza kuti Boma linkanamiza anthu pa za nkhondo ya ku Vietnam. Anthu ogwira ntchito pansi pa Pulezidenti Richard Nixon adatuma anyamata kukathyola ofesi ya dokotala wake wa matenda a maganizo, kufuna failo yoti am'yalutse nayo. Zitaululika, mlandu wa Ellsberg udathetsedwa mu 1973, ndipo mmodzi wa alangizi akulu a Pulezidenti adapezeka wolakwa. Nixon adatula pansi udindo mu 1974 chifukwa cha nkhani ya Watergate, ndipo chaka chomwecho dzikolo lidakhazikitsa lamulo loletsa maofesi a Boma kugawa failo ya munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zotchulidwa m'lamulomo. Phunziro lake n'lakuti wamphamvu akasowa poyankhira, amathamangira kukafufuza matenda a womutsutsa.

Kwathu kuno nakonso tidaona mu 2024 makina opangira mapasipoti ataima kwa masabata, Boma n'kunena kuti akuba a pa kompyuta adalowamo. Tsono loko wa pa kabati yekha sakukwaniranso masiku ano.

KODI CHINSINSI N'CHOBISIRA MBAVA?

Ndikudziwa ena mukufunsa zimenezi, ndipo funsolo n'labwino. Tidaona Cashgate mu 2013, ndalama za Boma zikutuluka pa kompyuta ngati madzi. Timamvanso za mayina a anthu omwalira kapena osakhalako amene amalandira malipiro. Kodi tikatseka mafailo, mbava sizibisala momwemo?

Iyayi. Lamulo silikuletsa kuona, likuletsa kusuzumira. Mkulu wowerengera ndalama za Boma ali ndi mphamvu zoona mabuku a malipiro. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu lingathe kufufuza potsata lamulo. Khoti lingathe kulamula kuti failo ibwere. Namwino amene akukusamalirani ayenera kuwerenga kabuku kanu, apo ayi akupatsani mankhwala olakwika. Onsewa amalowera pa khomo, ali ndi chifukwa, ndipo amayankha ku lamulo. Amene tikukana ndi wolowera pa zenera: kalaliki wofufuza failo ya mkazi mnzake, bwana wofuna kudziwa chifukwa chake mphunzitsi uja akuwonda, wa ndale wofuna mndandanda wa amene sam'sapota, wa katapila wogula mapepala a malipiro.

Ndipo mtengo wa kusuzumira timalipira tonse. Anthu akamva kuti pa chipatala chakuti nkhani zimatuluka, amasiya kupitako. Wina amayenda mitunda yaitali kukalandira mankhwala ku chipatala cha kutali, ndalama ya basi ikatha n'kulekeza. Wina amadwalira m'nyumba mpaka kumwalira. Pakamwa pa munthu mmodzi pangathe kudzaza manda.

TSONO MUCHITE CHIYANI?

Choyamba, funsani. Munthu akafika ndi fomu kufuna kabuku kanu kapena nambala ya chiphaso chanu cha unzika, mufunseni mwaulemu: mwachokera ku ofesi iti, mukufuna zimenezi za chiyani, ndipo adzaziona ndani? Safunsa adadya phula. Nyengo ya kampeni chenjerani kwambiri ndi olemba manambala a ziphaso posinthana ndi sopo kapena nsalu.

Chachiwiri, zikakuchitikirani musangolira m'nyumba. Sungani tsiku, malo, dzina la amene waulula ndi mboni zimene zidamva. Ngati simulemba, mwana wa sukulu akulembereni. Kadandauleni kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya chipatala, kapena kwa mkulu wa zaumoyo pa boma. Madokotala ali ndi bungwe lowayang'anira, la Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba alinso ndi lawo. Ofesi ya Ombudsman ndi Bungwe loona za Ufulu wa Anthu zimalandira madandaulo popanda kulipira. Ngati nkhani ikufuna khoti ndipo mulibe ndalama ya loya, kuli ofesi ya Legal Aid.

Chachitatu, inu ogwira ntchito m'Boma, dziwani Gawo 43 la Malamulo a Dziko. Boma likachita chinthu chokhudza ufulu wanu, muyenera kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Akakuchotsani kapena kukulangani chifukwa cha zimene wina wawerenga m'failo, pemphani kalata ya zifukwazo. Koma kumbukaninso kuti makiyi a mafailo a ife anthu wamba ali m'manja mwanu. Zimene mwaona ku ofesi zisafike ku mowa, ku chigayo kapena pa WhatsApp.

Chachinayi, ife eni mudzi tidziyang'ane. Nthawi zambiri amene amayamba kufunsa mlangizi wa zaumoyo kuti "kodi uje akudwala chiyani?" ndi ife tomwe. Mafumu, inu ndinu mitu yathu: nkhani ya matenda a munthu isazengedwe pa bwalo, ndipo musalole kuti mayina a olandira mankhwala awerengedwe pa msonkhano.

Chomaliza, aliyense wodzapempha voti yanu, kaya wavala mtundu wanji wa nsalu, mum'funse pamaso pa anthu: kodi mukadzalowa m'Boma mudzalanga wosuzumira m'mafailo ngakhale atakhala wa chipani chanu? Kodi mudzagulira chipatala chathu kabati yokhoma ndi chipinda choti munthu alankhule ndi adokotala popanda a pa mzere kumva? Mumvetsetse bwino mmene adzayankhire.

Abale ndi alongo, makolo athu adalimbira bokosi limodzi kuti mtima wa munthu ukhale wa iye mwini. Za m'thupi mwanu ndi za m'failo ya mwana wanu zili chimodzimodzi. Mukabwerera ku nyumba kawafotokozereni amene sadabwere, makamaka agogo ndi odwala. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mulungu adalitse Malawi.