Mapu a Timitsinje ndi Mabusa a ku High Plains

Pakati pa dziko la United States, kum'mawa kwa mapiri a Rocky, pali dziko lathyathyathya lokwera lochedwa High Plains, limene lifika m'zigawo za Nebraska, Kansas, Colorado ndi Texas. Mitengo njosowa, udzu ngwaufupi, ndipo mvula kawirikawiri siifika mainci 20 pa caka. Kumeneko mwini ng'ombe sayamba wafunsa za kukula kwa munda. Ayamba afunsa kumene kuli madzi.

Munthu amene anazindikira ici msanga ndiye John Wesley Powell, msilikali amene anaduka mkono pa nkhondo m'caka ca 1862. Lamulo la caka comweco linapatsa banja lirilonse maekala 160. M'caka ca 1878 Powell anacenjeza boma kuti m'dziko louma banja loweta ng'ombe lisowa maekala 2,560, ndi kuti malire ayenera kutsata timitsinje, kuti pasakhale wotsekerezedwa kumadzi. Akuru a boma sanamvere. Koma atakhala mkuru wa bungwe la United States Geological Survey mu 1881, analimbikira nchito yojambula mapu oonetsa maonekedwe a dziko lonse.

Mapu otere awerengedwa motere. Mizere yofiirira ilumikiza malo okwera mofanana: ikatalikirana, dziko nlosalala, ikathithikana, pali phompho kapena cigwembe. Mzere wobiriwira ngati thambo wosadukiza ndiwo mtsinje wosaphwa. Koma mzere wodukizadukiza, wokhala ndi timadontho, ndiwo kamtsinje koyenda pa nthawi ya mvula yokha. Wogula malo akapanda kusiyanitsa mizere iwiriyi, ng'ombe zace zidzaima pa mcenga m'cilimwe. Palinso cizindikiro ca makina oyendetsedwa ndi mphepo, okoka madzi m'zitsime. Pa mapu ambiri inci imodzi iimira mafiti 2,000, kotero kuti ngakhale khwawa laling'ono lioneka.

Mau a Powell anatsimikizika m'zaka za m'ma 1930. Alimi anali atagaula udzu wa mabusa kuti abzale tirigu. Cilala citafika, mphepo inaulutsa nthaka, fumbi linadetsa dzuwa, ndipo mabanja ambiri anasiya nyumba zao.

Mapu sagwetsa mvula. Nchito yace ndiyo kuuza munthu zoona za dziko asanamange khola.