Kodi Tigule Mankhwala Otsukira Zipatso ndi Ndiwo Zamasamba?

Phunziro lathu lero likukhudza kudimba, kumsika ndi kukhitchini komwe. Masiku ano kuli mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsidwa kuti tizitsukira tomato, kabichi, mango ndi zina, ati amachotsa tizilombo ndi mankhwala opopera. Funso ndi lakuti, kodi ndi ofunika? Yankho ndi lakuti ayi. Madzi abwino ndi manja oyera ndi zokwanira. Ngakhale ku America, kumene mabotolowa ndi ambiri, bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala la FDA limalangiza anthu kutsuka ndi madzi oyenda basi, osathira sopo kapena mankhwala ogula.

Chimene chimachotsa dothi, tizilombo tambiri ndi mankhwala okhala pakhungu la chipatso ndi kupikitsa ndi manja madzi akutsika. Sopo ayi, chifukwa amatsalira pakhungu ndi m'mapindi a masamba, ndipo akhoza kuvuta m'mimba.

Katsukidwe kake ndi aka. Yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Tomato, nkhaka, magwafa ndi mango muzipikitse chimodzichimodzi wina akukuthirirani madzi ndi kapu, monga timachitira posamba m'manja. Kabichi muchotse masamba akunja. Mpiru, repu ndi chayinizi mutsuke tsamba lililonse musanadule, ndipo musinthe madzi mpaka pansi pa beseni pasatsale mchenga. Kaloti ndi mbatatesi zikhecheni bwino. Chivwende ndi papaya zitsukeninso musanacheke, chifukwa mpeni umatenga litsiro la pakhungu n'kulilowetsa mkati.

Vuto lathu lalikulu ndi madzi amene timatsukira. Kolera amene anayamba m'chaka cha 2022 n'kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. Tomato wotsukidwa mumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa akhoza kufika kumsika ali woopsa kuposa mmene anachokera pamtengo. Gwiritsani ntchito madzi a pamjigo kapena pampopi. Ngati mukuwakayikira, aphitseni, kapena thirani WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, motsatira muyezo wake, ndipo dikirani mphindi 30.

Tsopano za mankhwala opopera, ndipo apa ndi pamene ifeyo alimi tili ndi udindo. Mankhwala ena, monga Dithane, amakhala pamwamba pa tsamba ndi chipatso, choncho kutsuka kumawachepetsa. Koma ena, monga dimethoate, amalowa mkati mwa mbewu. Amenewa madzi sawafika, ndipo botolo logula lija siliwafikanso. Chimene chimateteza wakudya ndi masiku odikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Masikuwa amalembedwa pachikalata cha mankhwala aliwonse. Werengani, kapena funsani mlangizi, kenako lembani tsiku lopopera m'kabuku ka gulu. Mchitidwe wopopera tomato lero n'kuthyola mawa, kapena kumupopera atathyoledwa kale kuti achedwe kuola, tiusiye. Tomato yemweyo ndi amene ana athu amadya kunyumba. Gulani mankhwala okhawo ololedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ali m'botolo lake lokhala ndi chikalata, osati ogawidwa m'timabotolo topanda dzina.

Manyowa nawo akhale owolerana bwino. Ndowe zaziwisi za ng'ombe, nkhumba kapena zitosi za nkhuku zimakhala ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo tikathirira timadumphira pamasamba. Zokolola zosunga musazitsuke, chifukwa chinyezi chimaoletsa. Tsukani pamene mukufuna kuphika kapena kudya. Kumsika yalani pathandala kapena pathumba loyera, osati pansi.

Ntchito ya sabata ino: gulu lililonse libweretse botolo kapena paketi ya mankhwala amene likugwiritsa ntchito kudimba. Tidzawerengera limodzi masiku odikira, n'kuwalemba pachikwangwani cha munda wathu wophunzirira.