Za Umoyo wa Abambo: Mikono Ikamafota, Mimba Ikamakula

Inu abambo mwatilembera makalata odandaula kuti, ngakhale kadyedwe kanu sikanasinthe, mikono imene kale inkagwetsa mitengo yayamba kufota, pamene mimba ikutsogola ndipo lamba wafika pa bowo lotsiriza.

Chimodzi mwa zochititsa zimenezi ndicho kuchepa kwa testosterone, timadzi timene timapangidwa m'machende, pepani kutchula, mwa lamulo lochokera ku ubongo. Ine ndimamutcha kapitawo wa thupi, pakuti ndiye amalamula kuti chakudya chikamange minofu ndi kulimbitsa mafupa. Ndipo iye akafooka, monga amafookera pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 chaka ndi chaka munthu akapyola zaka 40, antchito amatutira zokolola zambiri m'nkhokwe ya pamimba.

Ndinati ndinene za kadyedwe, koma ndikumva wina akung'ung'udza kuti, "Mimba ndi ulemu, imaonetsa kuti mwamuna akusamalidwa pakhomo." Iyayi, achimwene! Mafuta a pamimbawo sakhala chete, popeza mkati mwake muli chinthu chotchedwa aromatase, chimene chimasandutsa testosterone kukhala estrogen, timadzi tochuluka mwa akazi. Ndipo ubongo ukaona zimenezo umachepetsa lamulo lake, kotero kuti mafuta amafooketsa kapitawo, kapitawo wofookayo n'kuonjezeranso mafuta.

Tsono nachi chimene mumalakwitsa poyezetsa testosterone, ndipo ndachinena mpaka pakhosi pauma. Magazi oyezera testosterone amatengedwa m'mamawa, nthawi ya 10 koloko isanakwane, musanadye kanthu, chifukwa timadziti timakwera usiku munthu ali m'tulo, n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Amene wayezetsa madzulo, atakhuta nsima, kapena akudwala malungo, adzauzidwa nambala yonama, nadzadziyesa wodwala asali wodwala. Ndipo kuyeza kamodzi sikukwana. Muyenera kubwereranso tsiku lina, m'mamawanso, kuti mboni zikhale ziwiri monga mwa chilamulo, dokotala asanagamule mlandu ndi kufufuza gwero lake, kaya ndi matenda a shuga, kachilombo ka HIV, mowa, kapena matsagwidi amene anatsikira kumusi.

Koma inu, pochita manyazi, mumazemba chipatala n'kukanong'ona kwa wogulitsa gondolosi ndi mibulu yosadziwika pamsika, mwaiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Imvani ichi: mwamuna wodzibaya jekeseni ya testosterone popanda uphungu amagoneka kapitawo wake wa chibadwidwe, umuna umachepa mpaka kubereka kumavuta, ndipo magazi amakhuthala koopsa. Mankhwalawo alipo ndithu, ndipo amathandiza amene dokotala wawapeza ndi vutolo, koma sali a munthu aliyense wotopa.

Ambiri a inu mankhwala anu muli nawo kale: chepetsani mafuta a m'chiuno, pakuti thupi likatsika testosterone amakweranso, patsani minofu ntchito yolemera ya khasu, nkhwangwa kapena zitsulo kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo gonani mokwanira, popeza ofufuza a ku Chicago anapeza mu 2011 kuti mwa anyamata ogona maola asanu okha usiku uliwonse kwa mlungu umodzi, testosterone anatsika ndi magawo 10 mpaka 15 mwa 100. Amayi, athandizeni amuna anu kudzuka m'mamawa tsiku loyezetsa, ndipo phala alimwe pobwerako.