Gilberto Gil ndi Mlandu wa Gitala Yamagetsi

M'mwezi wa July chaka cha 1967, oimba ena otchuka a ku Brazil anaguba m'misewu ya mzinda wa São Paulo podzudzula gitala yamagetsi. Iwo ankati chida chimenechi n'chachilendo, ndipo chidzameza nyimbo za makolo awo. Pakati pa khamulo panali mnyamata wa zaka 25 wochokera ku Bahia, dzina lake Gilberto Gil.

Patangopita miyezi itatu, Gil yemweyo anaonekera pa mpikisano wa nyimbo wa TV Record ali ndi achinyamata a gulu la Os Mutantes, gitala yodzudzulidwa ija ili m'manja mwawo. Nyimbo yake, "Domingo no Parque", inatsamira pa kalilidwe ka berimbau, uta wa chingwe chimodzi womangiriridwa chikho, umene gwero lake ndi ku Africa. Inapata malo achiwiri.

Ena anamuyesa wopanda mbali, koma mbiri ya ubwana wake imamuikira kumbuyo. Gil anakulira m'tauni yaing'ono ya Ituaçu, kumene ankamva nyimbo za Luiz Gonzaga, mfumu ya mayimbidwe a baião, ndipo chida choyamba chimene anaphunzira chinali akodiyoni. Komatu akodiyoniyo inachokera ku Ulaya, ndipo baião amene anthu ankamutcha wa makolo anatchuka atakonzedwanso ku Rio de Janeiro kuti amveke bwino pa wailesi. Nanga gitala yamagetsi inalakwanji?

Boma la asilikali silinakondwe ndi gulu la Tropicália, limene Gil ankatsogolera pamodzi ndi mnzake Caetano Veloso. Mu December 1968 awiriwa anamangidwa, ndipo mu 1969 anakakamizidwa kuchoka m'dziko lawo n'kukakhala ku London. Kumeneko Gil anamva rock ndi reggae mokwanira, koma atabwerera kwawo mu 1972, mbale yake ya "Expresso 2222" inayamba ndi zitoliro za oimba a ku Caruaru. Kutali kuja kunangomukulitsa njala ya kwawo.

Mu 1977 anapita ku Lagos ku chikondwerero cha FESTAC, nakumana ndi Fela Kuti. Zimene anaona ku Nigeria zinabala mbale ya "Refavela" chaka chomwecho. Kuyambira 2003 mpaka 2008, mkaidi wakale uja anali nduna yoona za chikhalidwe m'boma la Pulezidenti Lula da Silva, ndipo masiku a tchuthi ankanyamulabe gitala yake kukaimba.