Musanagule motosera yanu yoyamba

Ine ndine mlimi wa fodya ndi kachewere, ndipo ndagwira motosera zaka zinayi. Mwandipempha ndilankhulepo chifukwa msika wa fodya ukangotha, anyamata ambiri kuno ku Tsangano mpaka ku Furancungo akumathamangira makinawa. Ndalama zimenezo ndi thukuta la chaka chonse. Ndiye mawu anga ndi amodzi: gulani makina amene mungathe kuwasamala.

Choyamba, ntchito yanu ndi yotani? Ngati ndi kudula bulugamu wa mphanda za chigafa, nkhuni ndi nthambi, motosera yaing'ono ikukwanirani. Bala, chitsulo chija tcheni chimazungulirapo, likhale la masentimita 35 kapena 40. Chitsanzo ndi Stihl MS 180, yolemera ngati makilo 4. Husqvarna nawo ali ndi zazing'ono zotere. Koma yaing'ono si yochekera matabwa. Mukaikakamiza kung'amba chipika tsiku lonse, injini imapsa.

Chachiwiri, musanatulutse ma meticais, funsani wogulitsa: tcheni, bala, sefa ya mpweya ndi pulagi, ija timati vela, ndikazipeza kuti? Ku Ulongue kapena ku Tete zilipo? Akayamba kukanda m'mutu, bwezani ndalama m'thumba. Zonamizira dzina zilipo, utoto ndi womwewo koma m'kati muli zina. Ailize pamaso panu, muone ngati buleki ya tcheni ikugwira. Safunsa adadya phula.

Tsopano chakudya chake. Injini imeneyi ilibe thanki ya oilo ngati galimoto. Oilo wake amalowa pamodzi ndi gazolina, ndipo ndi uja wolembedwa 2T. Stihl ndi Husqvarna amati muyeso ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, kapena 100 pa malita 5. Makina ena otchipa amafuna 25 kwa 1, choncho onani buku lake. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Mukathira gazolina yekha, pisitoni imauma m'mphindi zochepa, basi makina afa. Gazolina wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu muzimusefa, ndipo wosakaniza kale asapitirire mwezi.

Thanki yachiwiri ndi ya oilo wa tcheni. Mukamathira gazolina, dzazaninso imeneyo. Oilo wakuda wotsala m'galimoto ayi, ali ndi tizitsulo timene timadya pampu ndi bala.

Kunola ndiye mtima wa nkhaniyi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapasa ta mtengo. Mukaona utuchi wosalala ngati ufa, chabuntha, imani. Tengani tupa wobulungira wa saizi ya tcheni chanu, pa tating'onoti nthawi zambiri ndi wa mamilimita 4. Nolani dzino lililonse mofanana, kukankhira kutsogolo kokha. Tcheni chikangokhudza dothi kapena mwala, chatha mano. Chisalendewere pansi pa bala, komanso chizitha kuyenda mukachikoka ndi dzanja injini itazima. Madzulo pukutani sefa, chotsani utuchi mumsewu wa bala, ndipo nthawi zina muzilitembenuza kuti lidyeke mofanana.

Abale anga, chitsulo sichidziwa mwini wake. Nsonga ya bala, mbali ya pamwamba, ikagunda mtengo, makina amadumpha kubwerera kumaso. Gwirani ndi manja awiri, chala chachikulu chakumanzere chizungulire chogwirira. Osadula pamwamba pa phewa. Osailiza ili m'malere, ikhazikeni pansi buleki itatsekedwa. Valani jombo, magalasi ndi zotseka m'makutu. Pogwetsa mtengo, anthu atalikire kupitirira kutalika kwa mtengowo kawiri, ndipo konzeranitu kothawira. Kachasu ndi motosera sizimwera chikho chimodzi. Kutchire musapite nokha, chifukwa bala la tcheni limataya magazi msanga ndipo chipatala chili kutali.

Pomaliza, mtengo umene wakula zaka 30 umagwa phala lisanazizire. Mapiri athu ayamba dazi, tonse tikuona. Dulani bulugamu wanu wobzala, chitsa chikhale chachifupi ndi chopendekeka kuti chiphukenso bwino. Za m'mphepete mwa mtsinje ndi kumanda zisiyeni. Wofuna malonda a matabwa kapena makala ayambe wapita ku ofesi ya SDAE ku boma kukafunsa za chilolezo, aonanenso ndi amfumu. Kupanda kutero, makina angalandidwe.

Ngati mitengo yanu ndi yodula sabata imodzi pa chaka, sonkhani anthu anayi mugule imodzi, musankhe mmodzi woiyendetsa ndi kuisunga. Loweruka likubwerali ndibweretsa yanga ndi tupa, aliyense ayesere kunola.